Keni ya a Eston

Mlongo wanga wamkulu, a Eston Zgambo, anabadwira ku Chikomeni ndipo anafera komweko, m'nyumba imene njerwa zake anaumba okha. Ine ndine Judith, chitsiriza m'mimba mwathu. Ndimagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Lundazi, ndipo amene anagulapo kwa ine akudziwa kuti pakamwa panga sipachedwa. Ndanena dala zimenezi, chifukwa pakamwa pomwepa ndi pamene panaononga zinthu.

A Eston anali osiyana nane kutalitali. Mawu awo a tsiku lonse mukanatha kuwawerenga ndi zala. Sukulu analekezera giredi faifi. Ali mnyamata anakagwirako ntchito zaka zitatu pa famu ina ya fodya kufupi ndi Chipata, ndipo anabwerako ndi keni yachitsulo yothirira komanso luso lofesa nazale. Anakwatira NyaMvula, mwana sanamuone, ndipo mlamu wangayo atamwalira mu 2009 sanakwatirenso. Kutchalitchi ankaimba besi. Maliro akagwa m'mudzi uliwonse wozungulira, munkawapeza ataima kumbuyo kwa kwaya, chipewa chili pachifuwa, mawu akutuluka okhuthala moti unkawamvera m'mimba. Zaka makumi anayi anakhala akuperekeza anthu kumanda ndi nyimbo, mvula kaya dzuwa.

Nyumba yawo inali yothera m'mudzi, kumbuyo kwake kuli dambo. Kumeneko anakumba chitsime, natchinga nazale yawo ndi mpanda wa udzu. Amene sanalimepo fodya sadziwa mavuto ake. Mbewu yake ndi yaing'ono ngati fumbi. Umafesa mu Seputembala, nthawi imene dzuwa likuswa mtengo, umaphimba ndi udzu, n'kumathirira osaphonya ndi tsiku limodzi lomwe. Mbande zikangomera, abololo, mphutsi ndi chiswe zimabwera kudzadula. Anzawo ankagula mankhwala opopera. A Eston ankati mankhwalawo amawabanikitsa pachifuwa, ndiye iwo ankasunga achule.

Inde, achule, aja akhungu lokhakhala amene timawakankha ndi tsache akalowa m'khitchini. Pakona ya nazale anakwirira chivundikiro cha mgolo, chozama pang'ono ngati mbale. Miyezi yotentha dambo limauma gwa, achule n'kubisala pansi pa miyala ndi m'ming'alu, ali ndi ludzu. Tsiku lililonse nthawi ya sikisitini, ndiye kuti folo koloko madzulo, dzuwa litapendeka, a Eston ankatunga madzi, n'kugogoda keni katatu pamwala wa pachitsime kuti matope achoke m'timabowo take. Madzi oyamba ankathira m'chivundikiro muja. Achule akakhuta ankamwazikana m'mabedi a nazale n'kumadya zodula mbande zija, moti mbande za a Eston anthu ankazilondola kuchokera kutali.

Ine ndinazionera koyamba mu 2015, nditapita kukawazonda. Anagogoda, ngo, ngo, ngo. Kunalibe mphepo, koma udzu wophimba mabedi unayamba kugwedezeka. Kenako mutu apa, mutu apo, ena akutuluka pansi pa mpanda, ena m'mbali mwa chitsime. Chimene chinandiimitsa tsitsi n'chakuti sankalira. Chule timamudziwa ndi phokoso, koma awa ankangobwera chete, n'kudzazana m'chivundikiro, otsala atazungulira kudikira malo, onse atayang'ana kumene kunaima a Eston.

"Adumbu," ndinatero, pakuti kwathu mlongo timamuitana choncho, "anthu akaona zimenezi adzati chiyani?"

"Adzati achule ali ndi ludzu," anayankha osandiyang'ana n'komwe. "Taona, chule samwa ndi pakamwa. Amangokhala m'madzi, mimba ndiyo imamwa."

Ndinaseka, koma pobwerera kunyumba ndinkayenda ndikuyang'ana pansi.

Mu Okutobala 2022 msuweni wathu Evans, bambo wa ana asanu amene ankakhala nyumba yachitatu kuchokera kwa a Eston, anawapeza atagwa pakati pa mabedi. Kuchipatala kuboma anakhala masabata awiri. Anabwerako mbali yakumanja itafa, mawu atapita. Madokotala anatiuza mosabisa kuti tikangowasamalira kunyumba, masiku awo si ambiri. Ndinasiyira mnzanga benchi yanga pamsika n'kukakhala nawo. Evans ankabwera m'mawa kudzawasambitsa ndi kuwatembenuza, zina zonse zinali zanga. Ankangogona chagada, maso kudenga. Ukawaitana, zii. Ukawaimbira nyimbo imene ankaikonda, zii. Phala lokha ndi limene ankameza.

Nazale inali itapserera kale, ndiye ndinakatenga keni ija kuti ndizitungira madzi ochapira zofunda. Tsiku lina madzulo ndili pakhomo, ndikuti ndithire m'beseni, madzi osatuluka bwino. Ndinagogoda pamwala wa pakhomo katatu, monga ndinkawaonera eni ake. M'nyumba bedi linalira.

Ndinasuzumira. Abale inu! Munthu amene sanagwedezeke masabata atatu anali atatembenuza mutu kuyang'ana kukhomo, dzanja lamanzere lili m'mwamba, zala zitapindika ngati zagwira chogwirira cha keni. Maso anali amoyo. Ankadikira. Ndinapendeketsa keni, madzi n'kuyamba kuwaza pansi, waaa, ndipo ndinaona chifuwa chawo chikutsika pang'onopang'ono, dzanja n'kubwerera pabulangete. Mlomo wa mbali yamoyo unakwera pang'ono. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira ngati mwana, chifukwa ndinadziwa kuti mlongo wanga akadali m'thupi muja.

Kuyambira tsiku limenelo, sikisitini ikakwana ndinkagogoda katatu n'kuthira keni yathunthu padothi pafupi ndi khomo, pamalo polowa pang'ono, kuti amve bwino kulira kwa madzi. Sindinaganizeko za dambo limene linali kuseri kwa nyumba.

Tsiku lachinayi ndinapeza achule awiri pamatope paja. Sabata isanathe anali makumi awiri. Kenako ndinawerenga makumi anayi ndi atatu. Ankakwera kanjira kochokera kudambo dzuwa likuwala, wina pambuyo pa mnzake, n'kudzakhala pakhomo, mimba zili m'matope. Ndipo kaya n'chifukwa cha kamphepo kozizira kochokera m'nyumba kaya n'chiyani, onse ankayang'ana m'kati, kumene kunali bedi. Ukadutsa pakati pawo sankathawa. Makosi okha ndiwo ankagunda.

Lachinayi lina amayi asanu a kutchalitchi anabwera kudzazonda matenda, atanyamula ufa ndi nkhuni. Anatulukira pamtengo wa mango ine nditangogogoda kumene. Anaona zonse: udzu ukugwedezeka, mzere uja ukukwera, dzanja la wodwala likudzuka m'nyumba. Mmodzi anagwetsa beseni la ufa. Palibe anakuwa, palibe anapereka moni. Anangobwerera chambuyo mpaka pamsewu.

Mmene kunkacha mudzi wonse unali utamaliza kale mlandu. Akuti a Zgambo ali ndi ziweto zamatsenga, ndipo poti mwini wake wagona, zabwera kudzapempha chakudya. Akuti n'chifukwa chake mbande zawo sizinkadyedwa. Akuti n'chifukwa chake NyaMvula sanabereke. Asa! Anthu omwewo amene a Eston anaimbira amayi awo kumanda! Ana analetsedwa kudutsa kwathu. Wina anabwera kudzawaza mchere chopingasa panjira yathu. Kumjigo ndikafika, nkhani zinkatha.

Loweruka kunabwera a Robson Lungu, mkulu wa mpingo. Anakulira limodzi ndi a Eston, ankawetera ng'ombe dambo limodzi. Sanali munthu woipa, anali ndi mantha basi. Anaima pansi pa mango, chipewa akuchipotokola m'manja.

"Monire, NyaZgambo," anandilonjera m'chiyankhulo cha kwathu.

"Yewo, adada. Lowani mudzamuone mnzanu."

"Pano pali bwino," anatero. Anatsokomola kaye. "Akuluakulu takambirana. Mulungu akawaitana zinthu zili chonchi, mpingo sungabwere. Akwaya akana. Akuti sangaimbe pamaliro pamene pali... pamene pali zimenezi. Mudzaika nokha apabanja."

Maliro opanda nyimbo ndinawaonapo kamodzi ndili mtsikana: anthu asanu ndi mmodzi, makasu, kumangomva dothi likugwa pabokosi. Ndiye a Eston akapite choncho?

"Adada, mulibe manyazi? Munthu wakuimbirani zaka fote, lero mukumuopa chifukwa cha achule? Achule enieni?"

"Achule wamba sabwera poitanidwa, NyaZgambo."

"Akubwerera madzi!"

"Ndi mmene mukunenera inu."

Apa ndi pamene pakamwa panga pananditsogolera. "Chabwino. Ndipatseni masabata awiri. Ndizigogoda keni yomweyi tsiku ndi tsiku, koma madzi osathira ngakhale dontho. Ngati ndi ziwanda zawo, sizingamusiye mbuye wawo chifukwa cha madzi. Ngati ndi achule, aleka. Mudzabwere, ndidzagogode pamaso panu, mudzaone ngati kudzatuluke ndi mmodzi yemwe."

"Tsiku limenelo likadzafika," anatero, "ndidzaimirira ndekha m'tchalitchi kunena kuti tinalakwa."

Nzeru imeneyi sindinaitenge kutali. Aliyense woweta nkhuku amadziwa kuti ukamaziitana manja ali opanda kanthu, zimathamanga lero, zimathamanga mawa, kenako zimangokuyang'ana. Ndinadziona wochenjera kwambiri. Zochapa zonse ndinayamba kukachapira kumjigo, ndipo pakhomo paja ndinathirapo mchenga wouma.

Tsiku loyamba ndinagogoda keni yopanda kanthu. Achule anabwera onse. Anafika pamchenga n'kumakanikiza mimba pansi, kusuntha pang'ono, kukanikizanso. Mmodzi anakwera pamwala wa pakhomo n'kulowetsa mutu m'nyumba. M'katimo bedi linali litalira kale. A Eston anali atatembenuka, dzanja lili m'mwamba, akudikira madzi. Anadikira. Dzanja linayamba kunjenjemera koma osatsika. Kenako pakhosi pawo panatuluka mawu oyamba chiwagwereni, "aa... aa..." Ndinapita kukaima kuseri kwa nkhokwe nditatseka makutu.

Tsiku lachiwiri ndi lachitatu zinafika poipa. Achule anabwera mothamanga kuposa kale, akudumphirana, akundigunda m'mapazi. Wina ndinamupeza atalowa m'keni momwe. A Eston anakoka bulangete mpaka kuligwetsa pansi, ndipo akanagwa pabedi Evans akanapanda kukhalapo.

"Asuweni, mukuwazunza," anatero Evans atawagoneka bwino. "Thirani ngakhale pang'ono."

"Ukufuna akaikidwe ngati galu?"

"Ayi, koma..."

"Ndiye khala chete. Masiku ochepa okha."

Evans ndi munthu wofatsa, anangopukusa mutu. Mwina akanandikalipira ndikanamva.

Tsiku lachisanu anabwera makumi atatu, ndipo ankayenda mwaulesi, ena akuima pakati pa njira ngati aiwala chimene anyamukira. Lachisanu ndi chitatu, khumi ndi awiri. Lakhumi, anayi. Ndinkalemba timizere ndi khala pakhoma. Ndikagogoda, maso anga ankathamangira kukanjira ka kudambo, kuwerenga. Ndisaname, ndinali wokondwa. Ndinkagona ndikuyeseza mawu amene ndidzawalase nawo amayi aja.

Ndiye mankhwala a mlongo wanga anatha, ndinapita kuboma, galimoto yobwerera n'kundivuta. Masiku awiri keni sinalire. Nditabwerako ndinagogoda ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti mwina abwera awiri. Udzu unagwedezeka paliponse. Ndinawerenga khumi ndi asanu ndi anayi.

Masiku khumi ndi awiri osalawa dontho pakhomo pano, ndiye abwereranso chifukwa chiyani? Anakhala mondizungulira, chete, maso agolide aja osaphethira. Kwa nthawi yoyamba ndinaganiza chimene sindinkafuna kuganiza: bwanji ngati anthu akunena zoona? Munthu wosalankhula uja ndinkamudziwadi? Ndinachita mantha ndi mlongo wanga yemwe, moti tsiku limenelo phala ndinawamwetsa nkhope nditayang'ana kumbali. Mulungu andikhululukire.

Koma achulewo sanakhalitse. Anakanikiza mimba kamodzi kawiri n'kutembenuka. Mawa lake anabwera asanu. Linalo mmodzi yekha, chule wamkulu wa chipsera pamsana. Anafika mpaka pamapazi anga, n'kukhala, khosi likugunda. Tinayang'anana mpaka mthunzi wa nyumba unafika pamango. Kenako anatembenuka n'kutsika kanjira kake osafulumira. Masiku awiri otsatira sikunabwere kanthu, ndipo ndinatuma Evans kukaitana a Robson.

A Robson anabwera ndi akulu ena awiri, amayi aja ali pambuyo patali. Sikisitini itakwana ndinanyamula keni kuwaonetsa kuti ndi yomwe ija. Ngo, ngo, ngo. Tonse maso kudambo. Kunali kutentha kosaneneka, nyenje zikulira. Tsamba louma linayenda pang'ono m'kanjira, mayi wina n'kugwira mnzake mkono, koma linali tsamba chabe.

"Gogodaninso," anatero a Robson.

Ndinagogoda mwamphamvu moti keni inapindika pansi. Tinadikira ola lathunthu. Kunalibe.

A Robson anavula chipewa n'kulowa m'nyumba. Ndinawamva akupemphera, akumutchula mnzawo dzina la paubwana. Amayi analowa mmodzimmodzi, osandiyang'ana kumaso. Mawu onse aja ndinayeseza sindinawanene, ndinangowapatsa mphasa. Lamulungu lotsatira a Robson anaimiriradi m'tchalitchi monga analonjezera.

Koma tsiku lomwelo la mayeso, anthu atabalalika, ndinagwada pambali pa bedi. "Adumbu, zatha. Dzina lanu layera. Akwaya adzabwera." Maso anali kudenga. Ndinawagwira dzanja lamanzere, linali lofunda, lolemera. Pamenepo ndi pamene funso linandibwerera: kodi lero pogogoda paja, bedi linalira? Nanga dzulo? Nanga dzana? Ndinafufuza m'mutu mwanga monse. Achule ndinkadziwa chiwerengero chawo tsiku ndi tsiku, timizere tinali pakhoma. Koma tsiku limene mlongo wanga analeka kukweza dzanja sindinalidziwe, chifukwa sindinkayang'anako.

Ndinathamangira kuchitsime opanda nsapato. Ndinadzaza keni, kubwera nayo madzi akutayikira m'miyendo, kugogoda katatu, n'kuthira pakhomo pang'onopang'ono kuti kulira kwake kutalike. Keni inatha. Ndinasuzumira m'nyumba. Anali chigonere, mmene ndinawasiyira.

Ndinati mwina atopa ndi alendo. Mawa lake ndinathiranso, ndi linalo, osasamalanso kuti wina aona. Tsiku lachitatu achule asanu ndi anayi anakwera kanjira kaja. Sabata isanathe anali makumi atatu, atakhala m'matope ngati sipanachitike kanthu. A Robson anawapeza tsiku lina, anaima, n'kuyang'ana keni yonyowa ili m'manja mwanga. "Ndi madzi basi," anatero, n'kuwalumpha kulowa m'nyumba. Achule anakumbukira m'masiku atatu okha. Ndinkati nawonso a Eston akumbukira, ndingolimbikira.

A Eston anakhala ndi moyo masiku ena khumi ndi awiri. Maliro awo, ndisaname, anali okongola. Kunabwera makwaya a mipingo itatu, anaimba mpaka mawu kusasa, ndipo anthu ankandigwira chanza kuti ndinamenyera nkhondo mlongo wanga. Ndinkangoti yewo, yewo. Zimene ndinali nazo mumtima ankazidziwa Evans yekha, chifukwa analipo dzulo lake la tsiku limene a Eston anatisiya.

Tsiku limenelo ndinali nditagogoda ndi kuthira monga mwa masiku onse, Evans atakhala pampando m'nyumba. Nditalowa ndi keni yopanda kanthu anandiyang'ana mwachisoni.

"Lekani, asuweni. Mukungodzivutitsa. Makutu anatseka kale, sakumvanso kanthu."

Asanatseke pakamwa, nkhuku imene inalowa m'nyumba inadumphira patebulo n'kugwetsa kapu yachitsulo. A Eston anadzidzimuka. Maso anathamangira kumene kunagwera kapu, mutu n'kutembenuka, n'kuitsatira ikugubuduka mpaka inakaima kukhoma.

Evans anaimirira. Ine ndinagwada pafupi ndi mutu wawo, n'kugogoda keni pansi, pomwepo pambali pa khutu lawo. Ngo, ngo, ngo. Maso anachoka pakapu paja, anadutsa pankhope panga osaima, n'kubwerera kudenga. Dzanja silinasunthe ngakhale chala.

"Akumva, Evans," ndinatero. "Akumva bwinobwino. Angoleka kudikira. Ndawaphunzitsa ndine."